Ethanol: bwanji ndalama zake zimatsalira kwa alimi?

Takulandiraninso pa tchanelo anthu anga. Lero tikambe za ethanol, uja amasakaniza ndi petulo. Kunena mwachidule ndi mowa ndithu, amawiritsa shuga wa mu nzimbe kapena chimanga kenako nkutcheza, basi kuti uyu ndi wa galimoto, musayerekeze kulawa.

Nde tamverani apa chifukwa nkhani yonse yagona pompano. Nzimbe ndi katundu wolemera komanso ukaidula siyichedwa kutaya shuga, ikangokhala masiku angapo waluza, nde fakitale siyingakamangidwe kutauni kutali, imayenera kubwera pafupi ndi minda ifune isafune. Ikabwera imabwera ndi msewu, magetsi, ntchito za madalaivala a malole, amakaniko, owotcherera zitsulo, mpaka wogulitsa zakudya pageti amapezapo kangachepe. Petulo sachita zimenezo, ndalama yake yambiri imapita komwe kuli zitsime za mafuta.

Taonani Brazil. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, boma lawo linayambitsa pulogalamu yolimbikitsa kupanga ethanol yotchedwa Proálcool mu 1975, ndipo kuyambira 2003 kunabwera magalimoto oti umathira petulo kapena ethanol mmene wafunira. Mafakitale ambiri a nzimbe kumeneko amasankha kupanga shuga wambiri kapena ethanol wambiri kutengera chomwe chili ndi mtengo, nde nzimbe imakhala ndi misika iwiri. Zotsalira akafinya amaziwotcha nkupanga magetsi, ena mpaka kugulitsa.

Ku America ndi chimanga, makamaka m'chigawo cha Iowa. Chimanga choposa gawo limodzi mwa magawo atatu cha dziko lonselo chimapita ku ethanol, koma chomwe ambiri sadziwa nchakuti fakitale imangotengamo sitachi, zinazo zimabwerera ngati chakudya cha ng'ombe ndi nkhumba.

Koma tisanamizane apa. Chimanga chikakwera mtengo chifukwa choti chambiri chikupita ku ethanol, wolima amasekerera pomwe woweta nkhuku ndi wogula chakudya akulira, ku Mexico mu 2007 anthu anachita kuguba mmisewu chifukwa cha kudula kwa chimanga. Ndipo ine mmene ndimaonera, ngati fakitale ili ndi minda yakeyake, anthu ozungulira amangothera maganyu. Pomwe alimi amapinduladi mpomwe ali mu kopaletivi kapena ali ndi masheya mufakitalemo, ngati mmene alimi ambiri a m'chigawo cha Minnesota ku America anachitira mzaka za mma 1990.

Vidiyo yotsatira tiona kuti ethanol amaononga injini kapena ayi, nde musaiwale kudina kabelu kaja.