Paipi yodyetsera wodwala: musathire phala musanadziwe komwe yathera

Moni nonse a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Nsanje mpaka kutsidya ku Muona. Lero tikamba za NGT, paipi ija timalowetsa m'mphuno mwa wodwala amene sakutha kumeza: agogo a sitiroko, mwana wokomoka ndi malungo, kapena wa ku NRU, wodi ya ana onyentchera, amene sakumwa mkaka wa F-75. Musachoke, pali chizolowezi chimodzi chimene chimandiwawa mumtima.

Mwachidule, pakhosi pali njira ziwiri zogundana. Yakumbuyo imapita m'mimba, yakutsogolo kumapapo. Paipi ikasochera, chakudya chimakathera m'mapapo, munthu n'kufa.

Choyamba, yezani utali kuchokera pamphuno kukafika pakhutu, kutsika mpaka pothera fupa la pachifuwa. Lembani nambalayo m'faelo.

Chachiwiri, paipi ikalowa, kokani timadzi m'paipimo ndi sirinji, mudonthezere pa kapepala koyezera pH, muyezo wa asidi. Ikakhala 5.5 kapena kucheperapo, paipi ili m'mimba. Mankhwala ngati omeprazole amakweza nambalayi, choncho funsani zimene wodwala akumwa.

Tsopano tifike pa chizolowezi chija. Munthu apopa mpweya ndi sirinji, aika stethoscope pamimba, amva kuti fwaa, basi: "Yalowa, amayi, yambani kumupatsa phala." Ayi, anzanga, ayi! Khutu silidziwa komwe phokoso lachokera. Ng'oma ikalira usiku kutsidya la Shire, simumaimva ngati ili kuseri kwa nyumba? M'thupi ndi chimodzimodzi. Mapapo ali pamwamba penipeni pa chifu, ndipo mpweya wopopedwa m'mapapo umamvekanso pamimba. Wina amati, "Koma sanatsokomole." Wodwala wokomoka angathe kukhala phee paipi ili m'mapapo. Winanso amamiza nsonga ya paipi m'kapu ya madzi kuti aone thovu. Izinso n'zosadalirika. Ndikudziwa, ambiri tinaphunzira zimenezi kwa akuluakulu athu mu wodi, ndipo iwo ankachita ndi mtima wabwino. Koma ku UK bungwe la National Patient Safety Agency linaletsa njira yomvetsera mpweyayi mu 2005. Ife tikuisungiranji? Ngati kwanu mukuchitabe, lembani m'munsimu tikambirane, ndipo mudine subscribe pompano.

Chachitatu, X-ray ya pachifuwa. Timaifuna pamene timadzi sitikutuluka kapena pH yakwera. Polemba fomu nenani poyera kuti mukufuna kuona NGT, kuti wojambula atsitse chithunzi chionetse kumtunda kwa mimba. Koma chithunzi pachokha sichipulumutsa munthu. Bungwe lomwe lija linanena mu 2011 kuti anthu 21 anamwalira pakati pa 2005 ndi 2010 atadyetsedwa kudzera m'paipi yosochera, ndipo vuto lalikulu linali kuwerenga X-ray molakwika. Ndiye yambani mwaona dzina, tsiku ndi nthawi. Chithunzi cha dzulo sichinena za lero. Kenako tsatani paipi ndi chala kuchokera kukhosi. Kodi yatsika chapakati, osatsata njira za mpweya? Kodi yadutsa pakati pa mphanda pomwe njira ya mpweya imagawikana pawiri? Kodi yadutsa chapakati pa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba? Kodi nsonga yake ikuoneka bwino pansi pa mnofuwo, kumanzere? Funso limodzi likakhala ayi, musadyetse. Yang'anitsitsani kumanja, chifukwa njira ya kupapo la kumanja ndi yotakata ndiponso yowongoka, paipi imakonda kulowa kumeneko.

Inu a kuheofesenta kopanda X-ray: timadzi tikapanda kutuluka, gonekani wodwala chakumanzere, dikirani mphindi 15 mpaka 30, mukokenso. Zikakanika, imbirani akuluakulu anu, ndipo musathire ngakhale madzi.

Amayi ndi abambo odikirira odwala, wodwala akasanza, akatsokomola kwambiri, kapena mukaona kuti pulasitala wapamphuno wamatuka ndi thukuta la kunoli ndipo paipi yasuntha, siyani kudyetsa, itanani anamwino. Tumizani vidiyoyi pa gulu la WhatsApp la wodi yanu. Yotsatira tidzaonetsa kamatidwe ka paipi kwa ana aang'ono.