Makalata a Omvera: Madzi Obisika Pansi pa Nthaka ya Mars

Moni omvera nonse kulikonse kumene muli. Yakwananso nthawi yoti timve zimene mwatilembera. Chikambireni za madzi a ku pulaneti ya Mars mu pulogalamu ino, makalata sakuleka kubwera, ena a papepala, ena a pa foni, ndiye lero nthawi yonse tiipereka ku nkhani imeneyi. Tiyambe ndi bambo wina amene ntchito yake ndi yofunafuna madzi pansi pa nthaka.

"Wokondedwa muulutsi, landirani moni wanga. Ine ndimagwira ntchito yoboola mijigo. Ndinamva kuti asayansi apeza madzi ambiri pansi pa nthaka ya Mars, okwanira kupanga nyanja. Anawaona bwanji poti palibe anakumbako? Ife timayeza kaye tisanaboole, komabe nthawi zina timaboola n'kupeza pouma. Ndipo ngati madziwo alikodi, bwanji osatumiza makina akabooleretu, kuti anthu pofika akapeze mjigo uli kale?"

Zikomo bambo, funso lanu ndi la munthu wodziwa ntchito yake. Madzi amenewa palibe amene wawaona, ngakhale pa chithunzi. Anawadziwira ku zivomezi. Pa 26 Novembala 2018, chombo chotchedwa InSight, cha bungwe la ku America loona za mlengalenga la NASA, chinatera pa chigwa cha Elysium Planitia. Sichinali choyendayenda ayi. Chinakhazikika pamalo amodzi, n'kutula pansi kachipangizo komvera kugwedezeka kwa nthaka, kopangidwa ku France. Kwa zaka zinayi chinamva zivomezi zoposa 1,300, mpaka mu Disembala 2022 pamene fumbi linakwirira masola ake, mphamvu n'kutha.

Chivomezi chikachitika, kugwedezekako kumayenda m'miyala, ndipo liwiro lake limasintha malinga ndi mwala umene kukudutsamo, kaya ndi wolimba kaya ndi wong'aluka, komanso malinga ndi chimene chili m'ming'alumo, kaya ndi mpweya, ayezi kapena madzi. Mukagogoda chigubu chotseka mumadziwa kuti muli madzi kapena ayi osachitsegula. Kumenekonso ndi momwemo, kungoti wogogoda ndi chivomezi. Mu Ogasiti 2024, asayansi atatu a ku California, a Vashan Wright, a Matthias Morzfeld ndi a Michael Manga, anatulutsa zimene anapeza atasanthula zomwe InSight inajambula. Iwo anati chimene chikugwirizana bwino ndi liwiro la kugwedezekako ndi miyala yong'aluka yodzaza ndi madzi osaundana, pa kuya kwa makilomita 11.5 mpaka 20. Anawerengetsanso kuti ngati pulaneti yonse ili choncho, madziwo atatulutsidwa akhoza kuimiza yonse ndi nyanja yakuya kilomita imodzi kapena awiri.

Apa tisamale pang'ono. Si nyanja yoti n'kuyendapo ndi bwato. Ndi madzi olowerera m'timing'alu ndi m'timibowo ta miyala, zimene inu bambo mumazidziwa kuposa ambiri a ife. Komanso muyesowo unachitika pansi pa malo amodzi okha, ndipo asayansi ena akuti miyala yamtundu wina ingathe kupereka zotsatira zofanana popanda madzi. Zoterezi zinachitikapo. Mu 2018, gulu la ku Italy lotsogozedwa ndi a Roberto Orosei linalengeza kuti rada ya chombo cha Mars Express yaonetsa nyanja ya makilomita 20 m'lifupi pansi pa ayezi wa kummwera kwa Mars, ndipo mpaka lero ena akutsutsa kuti mwina ndi dongo kapena zinthu zina. Ndiye mwalasa pamene mwati kuyeza si kuboola.

Tsono za mjigo uja. Dzenje lakuya kwambiri limene anthu anaboolapo cholunjika pansi lili ku Kola, kumpoto kwa Russia. Anayamba mu 1970, ndipo pofika 1989 anali atatsika mamita 12,262. Zaka 19 zathunthu, ali ndi magetsi, amisiri ndi zitsulo zosinthira pafupi, mpaka kutentha kwa pansiko kunawagonjetsa. Ku Mars, InSight yomweyo inanyamula kachitsulo kodzikhomerera kokha m'nthaka, kopangidwa ku Germany, koyenera kutsika mamita 5. Dothi la kumeneko linakana kukagwira, kamangodumphadumpha m'dzenje, ndipo pamene anakasiya mu Januwale 2021 kanali kasanakwanitse ndi theka la mita lomwe. Ine ndikuona kuti madzi akuyawo palibe woyenda m'mlengalenga wa m'badwo uno amene adzawamwe.

Kalata yotsatira yachokera kwa mtsikana wa kusekondale, ndipo ikuyambira pomwe tasiyirapa.

"Achikulire, ine ndimakonda sayansi ndipo ndimalakalaka kudzagwira ntchito ya za mlengalenga. Aphunzitsi athu anati madzi a ku Mars ali kutali kwambiri pansi. Kodi ndiye kuti ulendo wa anthu wopita kumeneko walephereka? Sangangonyamula madzi ochokera kuno? Nanga adzapita liti?"

Mwana wanga, loto lakolo usalitaye, chifukwa aphunzitsi ako amanena za madzi akuya aja, koma kulinso ena apafupi. Ndi oundana. Mu 2008, chombo cha Phoenix chinatera cha kumpoto kwa Mars n'kupalasa dothi ndi mkono wake. Masentimita ochepa chabe pansi panaoneka tizibuma toyera, ndipo patapita masiku ochepa tinali titazimiririka. Mchere sukanatero. Anali ayezi, amene atakhala pamtunda anasanduka nthunzi osadzera kusungunuka, poti mpweya wa ku Mars ndi wopyapyala kwambiri, sufika ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 100 a wathu kuno. Mu 2018, zithunzi za chombo cha Mars Reconnaissance Orbiter zinaonetsa maphompho amene m'makoma mwake muli ayezi wochindikala mamita oposa 100, kuyambira mita imodzi kapena awiri kuchokera pamwamba. Ndipo pa 24 Disembala 2021, mwala wochokera m'mlengalenga unagwa ku Amazonis Planitia n'kukumba dzenje la mamita pafupifupi 150 m'lifupi, zibuma za ayezi n'kumwazikira m'mbali. InSight inamva kugunda kwake.

Ayezi ameneyu ndiye chuma cha ulendo wonse. Madzi akumwa okha si vuto lalikulu kwenikweni, chifukwa pa International Space Station, chombo chokhalamo anthu chimene chimazungulira dziko lathu, amayeretsa n'kugwiritsanso ntchito madzi okwana 98 pa 100 alionse, kuphatikizapo thukuta ndi mkodzo. Chovuta ndi ulendo wobwerera. NASA inawerengetsa kuti kunyamula anthu anayi kuchoka pa nthaka ya Mars kumafuna matani 7 a mafuta a roketi ndi matani 25 a okosijeni woyatsira mafutawo. Katundu wotereyu kumunyamula kuchokera kuno, n'kukatera naye bwinobwino, ndi chintchito choopsa. Koma madzi ukawadutsitsa magetsi amagawika kukhala haidirojeni ndi okosijeni. Haidirojeniyo ukamuphatikiza ndi kaboni dayokisaidi, amene ndi pafupifupi 95 pa 100 ya mpweya wa ku Mars, umapeza gasi wa methane, amene ndi mafuta a roketi. Kuyesa kunayambika kale. Kachipangizo kotchedwa MOXIE, kamene kanakwera loboti ya Perseverance, kanatulutsa magalamu 122 a okosijeni kuchokera mu mpweya wa Mars pakati pa 2021 ndi 2023. Magalamu 122 ndi matani 25 n'zotalikirana kwambiri, koma njira yake inaoneka kuti imagwira.

Sikuti ayeziyo n'kungosungunula n'kumwa. Phoenix inapezanso m'dothimo mchere wa perchlorate, umene umasokoneza kagwiridwe ntchito ka chithokomiro, ndiye madzi ayenera kusefedwa kaye. Palinso kusankha potera. Ayezi wambiri wapafupi ali kufupi ndi nsonga za kumpoto ndi kummwera, kumene kumazizira koopsa ndipo dzuwa la masola limachepa. Chapakati pa pulaneti n'kofundirako koma n'kouma. Okonza ulendowu akufunafuna malo a pakatikati, ndipo n'chifukwa chake dzenje la ku Amazonis Planitia lija linawasangalatsa, poti ayezi wake anapezeka kufupi ndi kofunda kusiyana ndi amene anaonekapo kale.

Za tsiku lonyamuka, ganizira izi. Dziko lathu ndi Mars zimakhala poyenerera ulendo kamodzi pa miyezi 26 iliyonse. Kupita kokha ndi miyezi 6 mpaka 9, ndipo ulendo wonse, kuphatikizapo kudikira nyengo yobwerera, ungatenge zaka ziwiri kapena zitatu. Wina akadwala kumeneko, uthenga wake ungatenge mphindi 22 kuti ufike kuno, yankhonso mphindi zina 22. Munthu womaliza kuponda pa mwezi, umene uli pa ulendo wa masiku atatu okha, anachokako mu Disembala 1972. NASA yakhala ikutchula zaka za m'ma 2030, koma ikufuna kuyamba yabwerera ku mwezi, kumenenso kuli ayezi m'maenje amdima a kummwera kwake. Ntchito ikadali yambiri, ndipo idzafuna akatswiri a miyala, a madzi, a magetsi ndi a zachipatala. Limbikira masamu, fizikisi ndi kemisitiri.

Agogo ena atilembera mwachidule, koma mawu awo ndi olemera.

"Mwana wanga, anthu ambiri padziko pano alibe madzi abwino akumwa. Kodi si chipongwe kuwononga ndalama kufunafuna madzi kumwamba?"

Agogo, dandaulo lanu ndi loona, ndipo sindikunamizani kuti madzi a ku Mars adzathetsa ludzu la mwana aliyense kuno. Sadzatero. Amene amalankhula za Mars ngati kothawira dziko lino likawonongeka, amenewo ndiye sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe, chifukwa kumeneko munthu sangapume, kuzizira kwake kumakhala cha m'ma madigiri 60 pansi pa ziro, ndipo cheza choopsa cha m'mlengalenga chimafika mpaka panthaka. Chimene ndinganene n'chakuti luso loyeza madzi obisika limathandizanso kuno. Masetilaiti awiri otchedwa GRACE, amene anagwira ntchito kuyambira 2002 mpaka 2017, ndiwo anaonetsa mmene madzi a pansi pa nthaka akuthera kumpoto kwa India ndi ku California. Kusowa kwa madzi abwino pakati pathu kumachokera ku mmene atsogoleri amaikira zinthu patsogolo, ndipo oyenera kufunsidwa mwamphamvu ndi iwowo.

Mayi wina, amene akuti ndi namwino, afunsa chimene ine chimandikhudza kuposa zonse.

"Bambo muulutsi, kumene kuli madzi kumakhala tizilombo, ife a zaumoyo timadziwa. Kodi m'madzi akuyawo mungakhale zamoyo? Ndipo anthu akapitako sadzatengerako tizilombo tathu?"

Mayi, apa m'pamene pagona phindu lenileni la madzi akuya aja. Mars sinali youma chiyambire. Loboti ya Curiosity, imene inatera mu 2012, inapeza timiyala tosalala tokokoloka ndi madzi oyenda, ndipo Perseverance inatera mu 2021 m'chigwa cha Jezero, pamene mtsinje wakale unkathira m'nyanja zaka zoposa mabiliyoni atatu zapitazo. Koma pulanetiyo inataya mphamvu ya maginito imene inkaitchinjiriza, mphepo yochokera ku dzuwa n'kumakokolola mpweya wake pang'onopang'ono. Madzi ena anathawira m'mlengalenga, ena anaundana, ena analowa pansi. Ngati kunali zamoyo pa nthawiyo, pansi pomwepo, pofunda ndi ponyowa, m'pamene zikanabisala. Kuno kwathu zoterezi zilipo. Mu mgodi wa golide wa Mponeng ku South Africa, makilomita 2.8 pansi, asayansi anapeza mabakiteriya okhala m'madzi a m'ming'alu ya miyala, opanda dzuwa, odalira haidirojeni ndi michere ya m'miyalamo. Ku Mars palibe chamoyo chimene chapezeka mpaka lero, koma malo ofanana ndi amenewo akuoneka kuti aliko.

Nkhawa yanu yachiwiri mayiko anaiona kale. Pangano la za mlengalenga la mu 1967 limaletsa dziko lililonse kutenga pulaneti kukhala yake, ndiponso limalamula kupewa kuipitsa malo amenewa. Zombo ziwiri za Viking, zisananyamuke ulendo wa ku Mars mu 1975, anaziika mu uvuni kwa maola ambiri kuti tizilombo tife. Makina mungawatero, koma munthu simungamuwotche, ndipo inu mukudziwa kuchuluka kwa tizilombo timene aliyense amayenda nato pakhungu, m'kamwa ndi m'mimba. Tikathamangira kutumiza anthu kukaboola ndi kusungunula ayezi, tsiku lina tidzapeza kachilombo m'madzi a ku Mars n'kulephera kudziwa ngati ndi ka komweko kapena tinapita nako tokha. Funso limene anthu akhala akufunsa kwa mibadwo, lakuti kodi moyo uli kuno kokha, tingaliwononge ndi manja athu. Ine ndikanakonda kuti malo onyowa ayambe afufuzidwa ndi maloboti oyeretsedwa bwino, ndipo anthu akadzapita adzapatsidwe malire a kumene angakumbe.

Kauthenga komaliza ka pa foni kakuti, "Kodi ndi Mars yokha ili ndi madzi obisika?" Ayi achimwene. Europa, mwezi wa Jupiter, ukuoneka kuti uli ndi nyanja yamchere pansi pa chikhungwa cha ayezi, ndipo mu 2005 chombo cha Cassini chinaona Enceladus, mwezi wa Saturn, ukupopera nthunzi ya madzi ndi ayezi m'mlengalenga kudzera m'ming'alu ya kummwera kwake. Kumeneko ndi kwa maloboti okha pakadali pano. Chombo cha Europa Clipper chinanyamuka mu Okutobala 2024 ndipo chikuyembekezeka kufika ku Jupiter mu 2030.

Nthawi yatithera, omvera. Makalata amene sanawerengedwe lero tawasunga, ndipo sabata yamawa tidzayamba ndi la bambo amene afunsa ngati mbewu zingamere m'dothi la ku Mars. Pitirizani kutilembera. Tsalani bwino.