Phungu ndi mlangizi: kodi ndi munthu mmodzi?

Moni nonse amene mukuonera. Funsani mwana wa sukulu kuti phungu ndani, akuyankhani kuti ndi amene tinamuvotera kuti akatiyimirire ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Sakunama. Pachisankho cha 2025 madera a aphungu anali 229, pomwe kale anali 193. Koma dzinali ndi lakale kwambiri kuposa nyumbayo.

Tiyeni kumudzi, kaya ku Dedza, ku Kasungu kapena ku Mchinji, nthawi ya chinamwali. Amene amatsogolera mwambo wonse ndi namkungwi, mayi wamkulu wosunga nyimbo ndi miyambo. Koma namwali aliyense amakhala ndi phungu wakewake. Phunguyo sachoka pambali pake. Anamkungwi akayimba nyimbo yokuluwika, ndiye amamunong'oneza tanthauzo lake. Amamuuza pogwada, poyang'ana pansi, pokhala chete. Namwali akachita zosalongosoka, manyazi amagweranso phungu. Ndipo ubalewo suthera m'tsimba: mtsikanayo angakule, angakwatiwe, zikamuvuta amadziwa khomo loti agogode.

Tanthauzo limeneli likadali moyo kuchipatala. Musanayezetse magazi kuti mudziwe ngati muli ndi HIV, mumayamba mwalandira uphungu. Mumakhala awiri m'chipinda, chitseko chotseka, ndipo zimene mwakambirana sizituluka panja. Ine ndimaona kuti amene anasankha mawu akuti uphungu pantchito imeneyi anasankha bwino kwambiri. N'chifukwa chakenso zimandipweteka ndikamva anthu akudandaula kuti phungu wa dera lawo amaoneka nthawi ya kampeni yokha. Dzina limene wasenzalo ndi la munthu wosachoka pambali pako.

Nanga mlangizi? Iyeyu nthawi zambiri amalankhula ndi gulu, ndipo amabwera ndi luso limene anaphunzira. Mlangizi wa zaulimi amasonkhanitsa alimi pamunda wachitsanzo n'kuwauza kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando a chimanga masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Mlangizi wa zaumoyo timakumana naye kusikelo ya ana, pa katemera, ndi pogawa klorini kolera ikabuka. Kumpingo nakonso kuli alangizi: mu Sinodi ya Nkhoma, mwambo wophunzitsa atsikana otha msinkhu umatchedwa chilangizo, ndipo unabwera m'malo mwa chinamwali cha kumudzi.

Apa pali chinthu chimene achinyamata ambiri amasokoneza. Kulangiza ndi kulanga n'zapachibale. Agogo akanena kuti "tikukalanga namwali", sakupita kukamukwapula ayi, akupita kukamuphunzitsa mwambo. Lero tikamva kulanga timangoganiza za chilango cha kukhoti kapena kusukulu, ndipo tanthauzo linalo likuzirala.

Ankhoswe nawonso amalangiza, koma awo ndi a banja basi, ndipo amaimira mbali: wina kuchimuna, wina kuchikazi.

Tsono polemba kapena pomasulira nkhani, samalani. Munthu amene amapereka nzeru kwa mtsogoleri wa dziko pa zachuma timati mlangizi wa pulezidenti pa zachuma. Mukalemba kuti phungu, owerenga ayamba kufunsa kuti wa dera liti. Koma mnzanu akaferedwa, kapena maganizo akamulemera mpaka kusowa tulo, musamuuze kuti akafune mlangizi. Muuzeni kuti akalandire uphungu, ndipo ngati n'kotheka mumuperekeze.