Takhuta, koma kodi thupi ladya? Mbale yathu kuno kum'mawa

[Kamera ikuyenda mu msika wa Kapata: milu ya tomato, kapenta, nshawa ndi masamba]

Muli bwanji nonse amene mukutionera, kaya muli ku Kapata, ku Mchini, ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi. Lero tikambirane za mbale imene timadyera tsiku ndi tsiku.

Pali chiwerengero chimodzi chimene chimandiwawa mumtima. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa ana 100 alionse osakwana zaka 5 muno m'Zambia ndi okwinimbira, ndiye kuti msinkhu wawo sukugwirizana ndi zaka zawo. Ambiri mwa ana amenewa sagona ndi njala. Masana nsima, madzulo nsima, mimba n'kudzaza. Komanso kuno kum'mawa ndiko kumachokera nshawa zambiri za dziko lino, mpaka mbewu zina za nshawa monga MGV4 zinatulukira pa malo ofufuzira zaulimi a Msekera pompano pa Chipata. Nanga chikutivuta n'chiyani?

Chikutivuta ndi mmene timayezera kudya. Munthu atha kudya mbatata, maungu ndi mango tsiku lonse, koma madzulo adzanenabe kuti lero sanadye, chifukwa nsima sanaione. Ndiwo timazitenga ngati zongotsitsira mbamu. Palibe amene akuti musiye nsima, ayi. Ndiyo imatipatsa mphamvu yolimira ndi yopalasira njinga. Koma thupi limafunanso zomangira minofu ndi magazi, limafuna zotetezera ku matenda, ndipo zimenezi zambiri zili mu ndiwo zomwe timaika pang'ono m'kambale kaja.

[Pafupi: amayi akupeta mphale]

Tiyambe ndi ufa weniweniwo. Timakonola chimanga, kupeta, kuviika mphale m'madzi masiku angapo, kutaya madziwo, kuyanika, kenako kuchigayo. Ufa umatuluka woyera mbee, nsima yake yosalala, mlendo n'kuyamikira. Koma khungu la njere ndi kamtima kake ndimo muli mafuta, mavitamini a gulu la B ndi zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino. Zonsezo zapita mu gaga, gagayo tapatsa nkhumba ndi nkhuku. M'sitolo namo n'chimodzimodzi: breakfast timaiona ngati ya anthu ochita bwino, roller ndi mgaiwa ngati za osauka. Pa nkhani ya thanzi, mgaiwa ndiwo uli patsogolo. Ngati pakhomo anthu sanauzolowere, musawakakamize tsiku limodzi. Yambirani pa phala la m'mawa, kenako muzisakaniza ufa woyera ndi mgaiwa pophika nsima, lilime lizolowere pang'onopang'ono.

Tsopano phala la mwana, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa kukwinimbira kumayambira pamenepa. Kuchokera pamene mayi watenga pathupi mpaka mwana atakwanitsa zaka 2 pali masiku pafupifupi 1,000, ndipo ubongo ndi mafupa zimakula mofulumira kwambiri nthawi imeneyi. Chimene chaphonyeka pamenepo n'chovuta kuchibweza mwana akakula. Miyezi 6 yoyamba, bere lokha, popanda madzi kapena dawale. Ikatha miyeziyo, bere lipitirire mpaka zaka 2, koma tiyambe kumpatsa chakudya china. Apa ndi pamene ambiri timaterereka. Timaphika phala la ufa woyera lamadzimadzi, kuthira shuga ndi mchere, mwana n'kumwa kapu yonse. Kamimba kake n'kakang'ono, kadzaza ndi madzi. Phala labwino ndi lija losayoyoka msanga mukapendeketsa sipuni. Muikemo nsinjiro, kapena kapenta wokazinga n'kusinja, kapena dzira, kapena masamba ophika osinja bwino, ndi kasipuni ka mafuta. Lero ichi, mawa icho.

Abambo, apa ndikulankhula ndi inu mwaulemu wonse. Nkhuku ikaphedwa, ntchafu ndi chiwindi zimalowa m'mbale yanu, mwana n'kupatsidwa msuzi wokha woti anyowetsere nsima. Msuzi sumanga thupi. Inu munakula kale, amene akukula ndi mwanayo, ndiponso mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akudyera anthu awiri. Nawonso agogo athu, amene amatisungira ana tikapita kumunda, tikambirane nawo mofatsa za mazira. Ena amati mayi wapakati akadya dzira mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Dzira silikhudza tsitsi la mwana, ndipo ndi chimodzi mwa zakudya zomanga thupi zopezeka mosavuta pakhomo pamene pali nkhuku.

[Sikelo ya ogula mbewu m'mbali mwa msewu]

Nthawi yokolola ikafika, ogula amabwera ndi masikelo awo. Ndalama ikufunika, ya feteleza, ya yunifomu, ya ngongole, ndipo palibe amene angakudzudzuleni pogulitsa. Koma taonani zimene timachita: nshawa zabwino zonse, soya yense, nyemba zonse zimapita, pakhomo n'kutsala zonyala, zobooka ndi zakuda, zomwe timasinja kuti zikhale nsinjiro ya phala la mwana. Mu nshawa zoterezi ndimo mumabisala chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, amatha kuyambitsa khansa, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa yense. Musanaitane wogula, patulani thumba la pakhomo kuchokera pa zabwino zomwezo. Ziume bwinobwino, zisagone pansi pachinyezi, ndipo musaziwaze madzi pofuna kuti zisavute kusenda. Zowola muzitaya.

M'tauni vuto lavala malaya ena. M'mawa tiyi wa masipuni anayi a shuga ndi vitumbuwa, masana chipisi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, mwana wa sukulu tampatsa ndalama agule tizakudya ta m'mapaketi. Munthu akanenepa timamuyamikira kuti zikumuyendera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga patsiku, omwe ndi masipuni a tiyi 12, ndipo botolo limodzi la 500 ml la zakumwa zotsekemera limatha kukwanitsa mlingo wonsewo lokha. Mchere usafike magalamu 5 patsiku, kasipuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi uja uli kale mu buledi, mu kapenta ndi mu timakyubu tokometsera ndiwo. BP ndi matenda a shuga zimayamba mwakachetechete, munthu akuyenda bwinobwino. Mukadutsa pa kiliniki, pimitsani.

Wina anena kuti shuga wathu ali ndi vitamini A. N'zoona, kuyambira 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia amathiridwa vitamini ameneyu. Chimenecho si chilolezo chowonjezera masipuni. Vitamini A yemweyo ali mu maungu, mango, mapapaya, masamba obiriwira, mbatata ya olenji mkati, ndi chimanga cha olenji chimene chinayamba kufika kwa alimi mu 2012.

[M'khitchini: poto wa chiwawa chotendera]

Kaphikidwe nako. Chiwawa, bonongwe, kholowa, therere: izi si ndiwo za pamavuto, ngakhale ena amachita nazo manyazi pakabwera alendo. Timaziwononga tokha pozithira soda wambiri ndi kuziwiritsa mpaka zitasintha mtundu, chifukwa soda ndi moto wautali zimapha vitamini C ndi mavitamini ena. Madzi akhale ochepa, nthawi ikhale yochepa, soda achepe, ndipo mutendere kapena muikemo timafuta kuti thupi lithe kutenga vitamini A. Mfutso wa m'chilimwe muziyanika pamthunzi podutsa mphepo. Tiyi musamwere pamodzi ndi chakudya, makamaka inu amayi amene munauzidwa kusikelo kuti magazi ndi ochepa, poti tiyi amatchinga ayironi wa mu nyemba ndi masamba, amene amathandiza kupanga magazi, kuti asalowe bwino m'thupi. Dikirani ola limodzi. Pamalo pake idyani gwafa, lalanje, masau kapena malambe, zomwe zimathandiza ayironiyo kulowa.

Mu 2021 dziko lathu linatulutsa malangizo a kadyedwe ogawa zakudya m'magulu 6: zokhutitsa monga chimanga, mbatata ndi chinangwa; masamba; zipatso; gulu la nyemba, khobwe, nzama ndi nshawa; mkaka; ndi gulu la nsomba, nyama, mazira pamodzi ndi tizilombo todyedwa. Inde, inswa ndi mphalabungu zili m'gulu limodzi ndi nyama ya ng'ombe, ndipo mbewa zathu nazonso ndi nyama. Sikuti magulu onse akhale m'mbale imodzi. Madzulo ano werengani ndi zala magulu amene banja lanu ladya kuyambira m'mawa. Mukapeza awiri okha, mawa onjezerani limodzi, lomwe lili pafupi komanso lotsika mtengo, mulisunge sabata yonse musanawonjezere lina.

Mu vidiyo yotsatira tidzakhala m'khitchini, kuphika phala la mgaiwa la nsinjiro ndi kapenta la mwana wa miyezi 8, kuti muone kulimba kwake pa sipuni. Zikomo kwambiri, tsalani bwino.