Alibe mpira achoke panjira

Makolo anzanga, zikomo pobwera. Ambirife tinakulira mpira wamiyendo, ndiye ana athu kuno ku America akayamba baseball kapena softball, timangokuwira woyimbira tili kumpanda, lamulo lake osalidziwa. Lero tikambirane lamulo limodzi, la obstruction.

Limati wosewera wa timu yoteteza asatsekereze mnzake amene akuthamangira pa base (malo anayi amene wothamanga amayenera kuponda kuti agoletse), pokhapokha ngati mpira uli m'manja mwake kapena ali mkati mouwakha. Chimene chimavuta anthu n'chakuti woyimbira safunsa ngati wachita dala.

Imvani zimene zinachitika ku St. Louis pa 26 October 2013, pa masewera achitatu a World Series, ndime yomaliza yolimbirana ukatswiri wa baseball kuno ku America. Matimu a St. Louis Cardinals ndi Boston Red Sox anali 4-4 mu inning (chigawo cha masewera) yachisanu ndi chinayi. Jarrod Saltalamacchia, catcher wa Boston (wowakha mipira kumbuyo kwa womenya), anaponya mpira ku base yachitatu kuti agwire Allen Craig wa Cardinals, koma unapita pambali. Will Middlebrooks wa Boston anaudumphira, anauphonya, n'kugwa chafufumimba. Craig podzuka kuti athamangire ku home plate, base yomaliza yogoletsera, anapunthwa pa miyendo ya Middlebrooks. Mpira unafika iye asanafike, catcher n'kumukhudza nawo. Koma woyimbira Jim Joyce anali ataloza kale pamene panagwera awiriwo, ndipo woyimbira mnzake wa pa home plate, Dana DeMuth, analola chigolicho. Cardinals inapambana 5-4.

Ena anadandaula kuti munthu wagona pansi akanalowera kuti? N'zomvetsa chisoni ndithu, koma ine ndimati Joyce anagamula bwino. Mpira ukangokudutsa, ufulu wokhala panjirapo watha. Bwenzi aliyense akumadzigwetsa n'kumati ndaterereka.

Tsopano apa ndi pamene timakuwa pachabe. Mu baseball, ngati akutsekereza wothamanga amene akufuna kumugwira nthawi yomweyo, woyimbira amaimitsa masewera pompo n'kumupatsa base yakutsogolo. Koma ngati mpira uli kwina, monga zinalili kwa Craig, masewera amapitirira, chigamulo chimabwera pamapeto. Mu softball mudzaona woyimbira atatambasulira dzanja lamanzere kumbali atakunga chibakera. Pamenepo waona, musapse mtima.

Ndiye mukafika kunyumba muwauze ana. Wothamanga akatchingidwa asaime n'kumadandaula, athamange. Koma adziwe kuti woyimbira amamuteteza mpaka pa base imene akanafika pakanapanda kutchingidwa. Akapitirira pamenepo n'kugwidwa, watuluka basi. Nanga alipo ali ndi funso tisanapite ku lamulo la interference?