Tisawatsekere m'nyumba chifukwa choopa mtsinje

Mafumu athu, akuluakulu a mipingo, aphunzitsi ndi makolo nonse amene mwasiya makasu kuti mubwere pano, zikomo kwambiri. Chimene chatisonkhanitsa mukuchidziwa kale. Sabata yatha mnyamata wa zaka 12 wa m'dera lathu lino, amene ali ndi ulumali wa mu ubongo, anaterereka padooko amayi ake akuchapa, ndipo pakadapanda msodzi amene ankasoka ukonde chapafupi, lero tikadakhala tili pasiwa. Padookopo panali akuluakulu ambiri, ena akutsuka mbale, ena akutunga madzi, koma aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye akumuona mwanayo. Mawu amene ndabwera nawo ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nawo: pamadzi, mwana aliyense wotere akhale ndi munthu wake mmodzi womuyang'anira, wotchulidwa dzina, amene sakugwira ntchito ina iliyonse.

Chandipweteka mtima ndi zimene ndamva chichitikireni ngoziyi. Ndamva kuti mabanja ena ayamba kutsekera ana awo m'nyumba tsiku lonse akamapita kumunda. Lachitatu ndinadutsa pakhomo pena ndipo ndinapeza mtsikana atamangidwa chitenje kumwendo, mbali inayo atamangirira kumtengo wa mango, mbale ya nsima ili poteropo pomwe dzanja lake silikadafika. Sinditchula khomolo, chifukwa ndikudziwa kuti amayi ake anachita zimenezo mwa mantha osati mwa nkhanza. Komabe, abale anga, mwana wotsekeredwa saphunzira kuopa madzi, ndipo tsiku limene chitseko chidzaiwalike chotsegula adzathamangira kumtsinje komweko wosadziwa kalikonse. Ife timakhala m'mbali mwa Shire, ndipo mtsinjewu sudzasamuka.

Nzeru yowatulutsa anawa kuti azichita masewera siinayambe dzulo. M'chaka cha 1962, mayi wina wa ku America, Eunice Kennedy Shriver, amene mchemwali wake Rosemary anali ndi ulumali wa mu ubongo, anayamba kuitanira ana otere pabwalo la nyumba yake ku Maryland kuti azisewera ndi kusambira. Zimenezo ndizo zinabala bungwe la Special Olympics, limene linachititsa mpikisano wake woyamba mumzinda wa Chicago mu 1968. Lero bungweli lilinso m'dziko lathu, ndipo mu 2014 linagwirizana ndi boma pochititsa msonkhano wa atsogoleri a mu Africa wokambirana za ulumali ku Lilongwe, nthawi ya Pulezidenti Joyce Banda. Mwana amayamba kupikisana akafika zaka 8, ndipo amamuika pagulu la anzake amene luso lawo ndi lofanana ndi lake, kotero kuti wothamanga pang'onopang'ono nayenso amatha kupambana. Palinso matimu osakaniza, amene olumala ndi osalumala amasewera mbali imodzi. Kusambira ndi kupalasa timabwato tating'ono zili m'gulu la masewera awo.

Mwina wina akudabwa kuti munthu wochedwa kumvetsa zinthu angakwere bwanji bwato dala. Ku Livingstone m'dziko la Zambia, kunsi kwa mathithi a Victoria, alendo amatsika mtsinje wa Zambezi m'chigwa cha Batoka pa mabwato a mphira opopa mpweya, ndipo madzi ake ndi aukali kwambiri. Ana athu sitingawatengere kumadzi ngati amenewo, monganso sitingawatengere ku Kholombidzo kapena ku Mpatamanga, koma mwambo wa atsogoleri a maulendowa ndi umene ndikufuna tiutengere. Palibe amene amakwera wosavala jekete yoyandamitsa, ngakhale akhale katswiri wosambira. Asananyamuke, wotsogolera amagwira jekete ya munthu aliyense m'mapewa n'kuikokera m'mwamba, ndipo ikafika m'makutu amadziwa kuti ndi yokhwepa, amaimanganso. Amaphunzitsanso anthu akadali pamtunda kuti ukagwera m'madzi othamanga ugone chagada, miyendo itsogole kumene madzi akulowera, ndipo usayese kuimirira chifukwa phazi likhoza kukodwa pakati pa miyala. Mabungwe a kunja amene amatenga anthu olumala mu ubongo pa maulendo otere amasankha madzi odekha, amafotokoza lamulo limodzi panthawi imodzi, amalionetsa ndi thupi, ndipo amalibwereza mpaka munthuyo alichite yekha. Pamwamba pa zonsezo, ife tikufuna mwana aliyense akhale ndi womuyang'anira wake mmodzi.

Eya agogo, ndakumvani, ndipo mwachita bwino kufunsa. Agogo akuti mdzukulu wawo amagwa khunyu, ndiye kumuyandikiza kumadzi sikungakhale kumupereka dala? Akutinso anthu amaopa kumugwira akagwa. Ndiyambe ndi lachiwirili. Khunyu silipatsirana, kaya kudzera m'thovu la mkamwa, kaya mu mpweya umene munthuyo watulutsa, ndipo silibwera chifukwa cholodzedwa. Ndi vuto la mu ubongo, limene nthawi zina limatsalira mwana atabanika pobadwa kapena atadwala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, zomwenso zimatha kusiya ulumali wa mu ubongo. N'chifukwa chake ana ena amakhala ndi zonse ziwiri. Anthu ambiri akhunyu amapsa pamoto kapena kumira m'madzi osaya chifukwa oimirira pafupi anathawa. Tsono mantha anu, agogo, ndi oona: mwana wakhunyu akhoza kumira m'madzi ofika m'maondo, ngakhale m'beseni losambira. Akagwa ali m'madzi, mugwireni mutu kuti nkhope ikhale pamwamba, mutulutseni, mumugoneke cham'mbali, ndipo musamuike supuni kapena chala mkamwa. Aliyense amene wagwa ali m'madzi apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka, poti mwina wakokera madzi m'mapapo. Mdzukulu wanu ayambe ndi mpira ndi kuthamanga pabwalo, amwe mankhwala ake tsiku lililonse osadumphitsa, ndipo za kumadzi tidzamva kwa adokotala ake. Akadzamulola, womuyang'anira wake adzakhale wodziwa kusambira ndipo asatalikire kuposa pamene dzanja lingafike.

Ndikuona dzuwa lapendeka ndipo ena mwayamba kuyang'ana kunjira, choncho zotsalazi ndinena mwachangu. Mwana aliyense ayambe waonedwa kuchipatala, makamaka amene ali ndi Down syndrome, ulumali wobadwa nawo umene umachedwetsa kukula ndi kuphunzira, chifukwa ena mwa iwo amakhala ndi vuto la mtima kapena mafupa a m'khosi osalimba, ndipo sayenera kudumphira m'madzi chamutu. Maphunziro oyamba tidzachitira pamtunda, kuvala jekete ndi kugwira nkhafi. Mu Shire sitisambitsiramo ana chifukwa cha ng'ona ndi mvuu, ndipo tikadzafika pokwera bwato tidzakwera la anthu odziwa ntchitoyi, losadzadza, kopanda mphepo, wopalasa wake wosalawa mowa. Zigubu zomangirira m'chiuno sizilowa m'malo mwa jekete. Mwana akakana musamukankhe, adzayesanso tsiku lina. Padooko, kudambo kapena pachitsime, musananyamuke pakhomo nenani mokweza kuti lero womuyang'anira ndi uje.

Loweruka tikumane pabwalo la sukulu nthawi ya 2 koloko masana. Mubwere ndi ana, mabuku awo a kuchipatala ndi madzi akumwa, ndipo achinyamata amene mukufuna kusewera nawo timu imodzi mulembetse maina kwa aphunzitsi musanachoke. Zikomo, gogo chalo, ndabweza mawu kwa inu.