Nkhope imodzi pa makompyuta onse: zomwe zinakambidwa pa msonkhano wa komiti ya labu

Zikomo a mfumu, aphunzitsi aakulu, makolo nonse, ndi anyamata amene mwakhala kumbuyoko, bwerani pafupi chifukwa nkhaniyi kwambiri ndi yanu. Zomwe zachitika ku sukulu ya tsidya lija tonse tamva. Labu yatsekedwa teremu yonse, ana akuphunzira kompyuta pa bolodi ndi choko pomwe makina ali m'chipinda momwemo ataphimbidwa ndi nsalu, ndipo anthu ayamba kale kunena kuti Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene anaika m'malo mwa Windows, ndi yoononga makompyuta. Ine ndabwera kudzakana zimenezo, komanso kudzakuchenjezani kuti nafenso tikachita mwachibwana tifika pomwepo.

Chiyambi chake nchakuti pa 14 October 2025 a Microsoft anasiya kusamalira Windows 10, maapudeti aulere a chitetezo anatha. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ndipo makina athu olandira kwa anthu akufuna kwabwinowa alibe zimenezo. Ndiye anzathu aja anaganiza bwino ndithu kuti tiyeni tipite ku Linux, yaulere, yopanda layisensi yogula. Pomwe zinasokonekera ndi apa: anapereka fulashi kwa anyamata atatu, aliyense nkuika zomwe zamusangalatsa pa YouTube. Wina GNOME, wina KDE Plasma, wina zinazake zoti ma window azigwedera ukamawasuntha. Makina a memory yochepa, RAM ya 2GB, anayamba kuhang'a mwana akangotsegula browser, mphunzitsi akati dinani menyu pansi kumanzere theka la kalasi lilibe menyu pamenepo, mapeto ake wina anabweretsa Windows yakuba ya pa msika yodzaza mavairasi. Basi labu inathera pomwepo.

Tsono mumvetse kaye. Linux payokha simuiona ndi maso, imagwira ntchito mkati. Chomwe mumaona pa sikirini, menyu ija, kamzere ka pansi kokhala ndi wotchi, momwe mafailo akutsegukira, malo olumikizira Wi-Fi, zonsezo ndi pulogalamu ina yapayokha yomwe amaitcha desktop environment. Ku Windows simusankha, imabwera imodzi. Ku Linux zilipo zambiri, KDE ndi Xfce zinayamba 1996, GNOME 1997, kenako kunabwera MATE, Cinnamon, LXQt. Ndiye wina ayenera kusankha yomwe munthu aipeze akangoyatsa makina asanakhudze chilichonse, ndipo lero wina ameneyo ndi ife. Chenjezo langa ndi limodzi ndipo ndilibwereza mpaka mutope nalo: osasankha ndi maso. Tisankhe imodzi, ndipo tiisankhire pa kompyuta yofooka kwambiri m'labu muno.

Amene munamangapo ng'ombe pa goli mukudziwa kuti ngolo imayenda liwiro la ng'ombe yofookayo, yamphamvu ikakamize bwanji. Kalasi ya kompyuta ndi chimodzimodzi, ana awiri akatsalira chifukwa makina awo akuzungulira kaye, mphunzitsi amaima, kalasi yonse imaima, mphindi 40 zija zatha. Ubuntu 24.04, mtundu wina wa Linux wokhala ndi GNOME, eni ake amati mukhale ndi RAM yosachepera 4GB. Ife kuno makina 6 ali ndi 2GB, enawo 4GB, ndipo onse ndi a hard disk yakale yozungulira ija. Masamu ake ngosavuta.

Musaganize kuti ndi ife tokha tikuvutika ndi chisankho chimenechi, akuluakulu opanga zinthuzi anakanganapo zaka. A Debian, mtundu wa Linux womwe ndi kholo la Ubuntu ndi Linux Mint, mu 2012 anafuna kusiya GNOME chifukwa inali itakula moti sinkakwananso pa CD imodzi, ndipo iwo ankaganizira munthu amene alibe intaneti yabwino, munthu ngati ife. Mu November 2013 m'modzi mwa opanga ake, Joey Hess, anasinthadi nkuika Xfce kuti ikhale yoyambirira, koma anagwirizana kuti adzaunikanso. Anakhala pansi nkuyesa ma desktop onse mbali ndi mbali, ndipo mu September 2014 anabwerera ku GNOME, Debian 8 inatuluka nayo mu April 2015. Chifukwa chachikulu chimodzi mukuchidziwa? Anthu osaona. Anapeza kuti pulogalamu yowerenga sikirini mokweza, Orca, inkayenda bwino pa GNOME ndi MATE kusiyana ndi pa Xfce nthawi imeneyo. Sanafunse kuti yokongola ndi iti. Anafunsa kuti munthu amene angavutike kwambiri ndani, nkusankha momuganizira iyeyo. Ife tili ndi ana m'sukulu muno a vuto la maso, ena achialubino amene amachita kuyandikitsa nkhope pa sikirini kuti awerenge, ndipo anyamata inu pamene mumaonetsana ma window ogwedera simunawaganizireko ana amenewa ngakhale kamodzi. Sindikukalipa ayi, koma ndinene.

Ndiye palinso nkhani ya Ubuntu. Mu 2011 kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth, wa ku South Africa uja, inachotsa nkhope yomwe anthu anazolowera nkuika yawoyawo yotchedwa Unity. Chaka chomwecho GNOME 3 inatuluka itasinthiratu, menyu yakale kulibe. Anthu anakwiya zedi, ena anatenga GNOME 2 yakale nkuipitiriza pansi pa dzina loti MATE, a Linux Mint nawo anapanga Cinnamon. Mu April 2017 Shuttleworth analengeza kuti Unity aisiya, Ubuntu 17.10 inabwerera ku GNOME. Ngati akatswiri anasokonezeka atangowasunthira menyu, nanga mwana wa Form 1 amene wagwira mausi koyamba mwezi watha? Nchifukwa ndikuti tikasankha tisasinthesinthe, ndipo osasankha ndi maso.

Eya amayi kumbuyoko, mwakweza dzanja.

Amayi ena a m'komiti: Pepani achimwene, ine funso langa ndi loti ana athuwa akamaliza sukulu kuntchito akakapeza Windows, ku banki Windows, ku boma Windows. Kodi sitikuwataya powaphunzitsa zinazi? Bwanji tingosonkha ndalama tigule zenizenizo?

Zikomo kwambiri mayi, funso limeneli makolo ambiri ali nalo mumtima koma akuopa kufunsa, ndiye ndiliyankha mofatsa. Choyamba, ngakhale titasonkha lero, layisensi siingathandize chifukwa Windows 11 ikukana makina athu enieniwa, kutanthauza kuti tigule makompyuta atsopano onse, ndipo inu mukudziwa mmene tinavutikira kungosonkha za malata a chimbudzi. Kukhalabe pa Windows 10 yopanda maapudeti pomwe ana akulowetsa mafulashi ochokera ku ma burning centre tsiku ndi tsiku, ndiye kuitana mavuto dala. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene funso lanu likukhudza chisankho chathu, mwana saphunzira dzina la kampani. Amaphunzira kulemba pa kiyibodi osayang'ana zala, kusunga failo nkuipezanso mawa, kupanga foda, kulemba kalata, kuwerengetsa mu spreadsheet, kutumiza imelo. Mwana wodziwa kulemba =SUM mu LibreOffice Calc akakhala pa Excel alemba chimodzimodzi. Ctrl ndi C kukopa, Ctrl ndi V kumata, Ctrl ndi S kusunga, konsekonse nchimodzi. Koma mayi mukunena zoona pa chinthu chimodzi, nkhope ikasiyana kwambiri mwana adzachita mantha tsiku loyamba kuntchito. GNOME siifanana ndi Windows, ilibe menyu ya pansi kumanzere, imafanana pang'ono ndi foni. Pomwe Cinnamon, MATE ndi Xfce momwe a Linux Mint anazikonzera, menyu ili pansi kumanzere, wotchi pansi kumanja, mapulogalamu otsegula akuoneka pa kamzere, mwana akachoka apa kupita pa Windows manja ake akudziwa kale kopita. Ndiye nkhawa yanuyo ndaiika pa mndandanda wa zoyesera, ndi chifukwa china chomwe GNOME ndaichotsera ngakhale ili yabwino pa makina amphamvu. Komanso aphunzitsi a Computer Studies ayang'ane silabasi ya MSCE mutu ndi mutu, pomwe pakufunika pulogalamu ya Microsoft yeniyeni atiuze poyera tione chochita, tisabise. Ndayankha mayi? Zikomo.

Ndiye zatsala zitatu. Cinnamon ndi yokongola koma pa zitatuzi ndi yomwe imalemera, pa makina a 2GB aja ndikuikayikira. Xfce ndi yopepuka. MATE nayo ndi yopepuka ndipo ndi ija a Debian anaiona kuti ikuyenda bwino ndi Orca. Maganizo anga ndi oti tiike Linux Mint 22 ya MATE pa makina onse, imalandira maapudeti mpaka 2029 ndiye sitikhala tikuinstola chaka ndi chaka. Koma musangovomera chifukwa ndanena ine, ndipo musavomere chifukwa mwaona chithunzi chake pa foni. Kompyuta yofooka ija ya pakona ndi imene itiuze.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana kumwamba, mvula ikubwera ndipo ena muli ndi mtunda, ndithamange. Loweruka anyamata awiri ndi aphunzitsi a kompyuta mubwere, mulembe RAM ya makina aliwonse pa pepala nkumata pa bokosi lake, muonenso ngati pali ya 32-bit chifukwa Mint 22 siilowa pamenepo, imeneyo muiike padera. Dawunilodi ikhale kamodzi kokha, MATE ndi Xfce, bandulo ndi yodula, mukaika pa mafulashi awiri basi. Musanafufute kalikonse mukope mafailo a aphunzitsi, mayeso ndi magiredi a ana, pa hard disk yapadera, muwatsegule kuti muone kuti akopekadi. Kenako yatsani kuchokera pa fulashi osainstola, pa kompyuta yofooka ija, tsegulani Firefox ndi LibreOffice Writer nthawi imodzi, yesani printa, yesani mawu, kulitsani zilembo, yatsani Orca, muitane mwana wa Form 1 ndi mwana m'modzi wa vuto la maso akhalepo okha inu osawagwirira mausi. Pa fulashi imachedwerako kusiyana ndi ikainstolidwa, musadabwe. MATE ikayenda ndi yomweyo, ikalemera tipita ku Xfce, koma iliyonse yomwe yapambana ilowe pa makina onse, ngakhale ya mu ofesi ya aphunzitsi aakulu. Poinstola muyambe m'mawa magetsi alipo, akazima pakati muyambirenso makina amenewo. Pasiwedi ya admin ikhale ndi anthu awiri okha, ana alowe pa akaunti wamba kuti wina asabwere usiku nkuikapo zake. Anyamata amene mukufuna kuyesa KDE ndi zina, sindikukuletsani kuphunzira, tikupatsani kompyuta imodzi ya 4GB yoti muzisewera nayo kunja kwa kalasi. A mlembi mulembe mayina a obwera Loweruka tisanabalalike, ndipo amene ali ndi fulashi ya 8GB yopanda kanthu aipereke kwa aphunzitsi aakulu pofika Lachisanu.